Kochi achoke, bwana atsale, usipa ubwere

Ku Senga Bay kuli timu ina ya mpira imene sinditchula dzina lake, chifukwa mwini wake amandipatsa usipa pa mtengo wachibale ndipo sindikufuna kubwerera ku soya pisi. Imasewera mu ligi yaing'ono ya kuno ku Salima. Chaka chino yakhazikika kumunsi kwenikweni, moti ochemerera ake aphunzira kuwerenga mndandanda wa matimu kuyambira pansi kuti asataye nthawi.

Mwini timu, amene aliyense amangomuti bwana, ali ndi maboti awiri a injini ndi chilimira. Kochi ndi mphunzitsi wa pa pulayimale ina chapafupi pomwepo. Otsala onse ndi masapota: alovi, a kabaza, amayi oyanika nsomba pa thandala, ndi madala a pa bawo amene anasiya kuthamanga nthawi ya Kamuzu koma amadziwa bwino lomwe woyenera kuvala nambala 9.

*

Lolemba lina m'mawa, timu itakwapulidwa 4-0 dzulo lake, masapota anamupeza bwana pa doko akuwerenga zigoba za usipa.

"Bwana, kochi uja achoke. Watikwana."

Bwana sanadzutse n'komwe mutu. "Mukudziwa kuti ndili naye ngongole ya miyezi ingati?"

"Ayi, bwana."

"Nanenso ndinasiya kuwerenga. Kuti ndimuchotse ndiyenera ndimulipire kaye zonsezo. Ndinakhala pansi, ndinaona kuti kugonja n'kotchipa."

Anthu anabalalika akupukusa mitu. Amene anatsogolera chionetserocho anabwereranso yekha kudzafunsa ngati chigoba chimodzi angatenge pa ngongole.

*

Omvera mpira pa wailesi amaganiza kuti timu imagwa chifukwa cha fomeshoni. Kuno imagwa chifukwa cha mwera. Usipa amaupha usiku ndi nyali, ndiye mwezi ukawala kwambiri nsomba sizisonkhana pa nyalipo, maboti amabwera opepuka. Mwera ukalimba cha mu Juni mpaka Ogasiti, maboti ena sapita n'komwe. Boti likagona kumtunda ndiye kuti palibe mafuta a lole, palibe gemu bonasi, ndipo pa hafu taimu osewera amamwa madzi a pa mjigo m'malo mwa Sobo.

Pali gogo wina amene sanaphonyepo kulosera zotsatira za timuyi. Anyamata obetcha ankati ndi wokhwima, mpaka wina anamugulira tiyi wa mkaka ndi sikono kuti aulule chinsinsi.

"Palibe mankhwala apa, mdzukulu wanga. Ndimadzuka Loweruka m'mamawa n'kukayang'ana thandala la bwana. Likadzaza, tifanana mphamvu. Likakhala lopanda kanthu, atiswa."

"Nanga kupambana, agogo?"

"Thandala lake limenelo sanakhomebe."

Wogoletsa zigoli wa timuyi ndi siginala, uja amakhala m'kabwato ndi nyali usiku wonse kuitana usipa n'kumauza alovi nthawi yoponya chilimira. Munthu wachezera pamadzi, wafika kumtunda 6 koloko m'mawa, 3 koloko masana ali m'bwalo. Sabata ina anaima pa ofusayidi nthawi yaitali, mpaka wotchinga kumbuyo wa timu inayo anachita kupita kukamugwedeza. Anali m'tulo choimirira. Atadzidzimuka anakuwa kuti, "Kokani!" Masapota anagwirizana kuti vuto ndi kochi.

Goloboyi naye anasowa mu Epulo, chilumba cha Mbenje chitatsegulidwa. Chilumbachi chili m'dera la mfumu Makanjira, chimatsekedwa mu Disembala kuti nsomba ziswane, ndipo chikatsegulidwa malamulo ake ndi a makolo: mowa ayi, juga ayi, chamba ayi, akazi safikako. Goloboyi anabwerako mimba itaphwa, maso ali mbee, ndipo anagwira penate sabata yomweyo. Pa msonkhano wa komiti wina anaimirira n'kupempha kuti timu yonse ikachite kampu ku Mbenje. Osewera onse anakana ndi mawu amodzi. Kochi akuti chiyambireni ligi, limenelo ndi tsiku lokhalo limene anaona anyamata ake akumvana.

*

Tisaiwale kuti Salima ili nayo timu ya mu Super League, MAFCO, ya asilikali a pa sukulu ya usilikali ija. Kungoti masewero ake a pakhomo yakhala ikuchitira pa Chitowe ku Dwangwa. Munthu wa ku Salima kuti akaonere timu ya kwawo ikusewera pakhomo ayenera kudutsa boma la Nkhotakota atanyamula kamba wa panjira. Wa kabaza wina anandiuza kuti iye MAFCO amaikonda kwambiri, vuto ndi loti sanakumanepo nayo.

Pa bawo pa Kamuzu Road pali mkulu wina wa pakamwa amene amachotsa eni matimu tsiku lililonse asanadye nsima ya masana. A Bullets anawauza kale zochita, a Wanderers anawauza, a Reserve Bank ndi Silver Strikers yawo anawauzanso. Tsiku lina mnzake anamufunsa uku akutakata.

"Nanga achimwene, MAFCO ikamagonja, eni ake mumawauza kuti chiyani?"

Mkuluyo anayang'ana kumanzere, n'kuyang'ana kumanja. "Aaa, iwo aja akuyesetsa."

Koma nkhwangwa ya ligi siopa yunifolomu. Mwa matimu 16, atatu a pansi amatsika, kaya ndi a mfuti kaya ndi a ndodo. Mu 2016 Kamuzu Barracks inatenga ligi, anthu n'kumati asilikali afika. Mu 2023 nkhwangwa yomweyo inadula Red Lions ya asilikali a ku Zomba pamodzi ndi Blue Eagles ya apolisi. Pa Senga Bay pompano anthu akukumbukabe Airborne Rangers, timu ya asilikali odumpha m'ndege, imene inalawako Super League kenaka n'kutsika. Dala wina amati iye sizinamudabwitse.

"Anthu anachita kuphunzira ntchito yotsika kuchokera kumwamba, inu mumafuna akhalitse kumwambako?"

*

Nkhani ya Blue Eagles ndiyo yasanduka mankhwala a mtima kwa onse amene matimu awo ali pa mzere wa imfa. Itatuluka mu 2023, chaka chotsatira inatenga chikho cha FDH Bank pogonjetsa Bullets pa mapenate, uku ikusewera ligi ya m'chigawo chapakati, ndipo inabwereranso mu Super League. Mlembi wa timu yathu, munthu wosataya mtima amene amayenda ndi kope m'khwapa, amaikonda nkhaniyi kuposa nkhani ya ukwati wake.

"Mwaona? Nkhosa ikamabwerera m'mbuyo sikuti yathawa. Tikatuluka tidzabwera ndi chikho ngati apolisi."

Mayi wina amene ankatembenuza usipa pa thandala sanacheuke. "Alembi, apolisi aja malipiro awo amabwera mwezi ukatha. A ana athuwa amabwera mwezi ukabisala. Komanso tandiuzani, ife tikatsika apa, pansi pake pali ligi yanji?"

Mlembi anatsegula kope, n'kulitseka. "Pali bonanza ya aphungu."

"Imabwera liti?"

"Chisankho chikayandikira."

*

M'vidiyo sho mkangano wake ndi womwewu, kungoti eni matimu amakhala kutali ndithu. Nyengo ya 2024/25 inali yowawa kwa a Manchester United, timu yawo inathera pa nambala 15, komanso inagonja 1-0 mu fainolo ya Europa League ku Bilbao kwa Tottenham, imene inathera pa nambala 17. Usiku umenewo mnyamata wina wa jezi yofiira anakwera pa benchi n'kuyamba kukuwa kuti banja la Glazer ligulitse timu, lero lomwe, ndipo Jim Ratcliffe naye apite nalo limodzi.

Mwini vidiyo sho anachepetsa voliyumu. "Aise, ya pakhomo ya sabata yatha sunandipatse. Ndipatse kaye, Glazer ukamuchotse bwino uli wopanda ngongole."

Mu shedi yomweyo muli mkulu wina wosoka maukonde amene alibe timu koma amasunga mbiri ya mavuto a matimu onse. Wina atanena kuti timu yathu ikufunika kochi wa changu woti aipulumutse pa masewero otsalawa, iye anaika singano pansi.

"Leeds inachita zomwezo mu 2023. Inaitana Sam Allardyce kutatsala masewero 4. Anapeza pointi imodzi, timu inatuluka, iye n'kumapita kwawo."

"Ndiye tisunge amene tili nayeyu?"

"Leicester inamusunga Claudio Ranieri miyezi 9 yokha atawapatsa ligi mu 2016. Mu 2023 nayonso inatuluka."

"Madala, ndiye mukuti titani?"

"Ine ndimasoka maukonde."

*

Zinthu zitafika povuta, komiti inagawanika pawiri. Ena ankati ndalama yochepa imene inalipo agulire nsapato, chifukwa osewera awiri akumbuyo ankabwerekana peyala imodzi, wina ya kumanja wina ya kumanzere. Ena ankati nsapato sizigoletsa, apite kwa sing'anga. Anapambana ndi a sing'anga, ndipo dziwani kuti mwa amene anakweza manja munali anthu amene Lachisanu ndi Lamulungu amakhala mzere woyamba.

Sing'anga analandira ndalama n'kupereka lamulo limodzi lokha: tsiku la masewero, timu isalowere pachipata.

Vuto ndi loti bwalo lathu lilibe mpanda, ndiye lilibenso chipata. Ndi mchenga, mapolo awiri mbali iyi, awiri mbali iyo, ndi njira ya mbuzi yodutsa pakati. Komiti inakhala mpaka usiku kukambirana kuti mpanda ukanakhalapo, chipata chikanakhala pati. Wapampando ankati kumsewu. Msungichuma ankati kunyanja, poti anthu ambiri amachokera kumeneko. Pofuna kusalakwitsa anagwirizana zopewa mbali zonse ziwiri, ndipo timu yonse, ili mu jezi, inadzera m'munda wa chinangwa wa mayi wina wamasiye.

Masewero anathera 2-0, ife ndife a 0. Lachiwiri lake amfumu anagamula kuti timu ilipe nkhuku 3. Atabwerera kwa sing'anga kukadandaula, iye anafunsa kuti m'mundamo analowera pati.

"Pa kampata kena ka pakati pa mizere."

"Eya. Chimenecho ndiye chipata."

*

Anthu amene masamu anawakanika ku Sitandade 5 amasanduka akatswiri ligi ikamatha. Ndinawapeza atazungulira mlovi wina amene ankalemba pamchenga ndi kamtengo.

"Tamverani. Tikapambana masewero onse 3 otsala, a ku Chipoka agonje onse, a ku Lifuwu afanane mphamvu kawiri kenaka alandidwe mapointi chifukwa cha wosewera wa ganyu uja anamutenga ku Lilongwe, ndiye kuti tapulumuka ndi chigoli chimodzi."

Onse anavomera kuti zikutheka ndithu. Kamwana kena kogulitsa zitumbuwa kanasuzumira pakati pa miyendo ya akuluakulu.

"Nanga tikagonja Loweruka?"

Mlovi uja anakayang'ana nthawi yaitali. "Iwe ndiwe mwana wa ndani?"

*

Munthu mmodzi yekha pa Senga Bay ndi amene akupempherera poyera kuti timu ituluke: mkazi wa bwana. Ndi amene amachapa majezi, ndi amene amaphikira osewera, ndipo ndi amene anazindikira kuti ndalama ya malata a khitchini inasanduka mipira iwiri ndi wezulo. Walonjeza kuti tsiku lotuluka mu ligi adzaphika mpunga wa ku Lifuwu ndi nkhuku, aliyense adzadye. Chilengezereni zimenezi, akuti masapota ena ayamba kuchemerera ndi mtima umodzi m'bwalo, wina kukhitchini.

*

Mwezi utabisala ndipo maboti atabwera odzaza, bwana anamulipira kochi ngongole yonse ndi usipa wouma, matumba angapo, n'kumuchotsa. Kochiyo pano amagulitsa usipa Loweruka lililonse mumsika wa pa Kamuzu Road, wanenepa, ndipo amapereka moni kwa aliyense.

Bwana analengeza kuti sakuonanso chifukwa cholipira munthu wongoima pambali pa bwalo n'kumakuwa, poti kukuwa iye amatha. Timu anaitenga yekha. Masewero ake oyamba anali a koyenda, ku Khombedza, ndipo masapota onse anakwera lole ya bwana ulere, akuimba njira yonse.

Pofika hafu taimu zinali 3-0. Mwachizolowezi anthu anayamba: "Kochi achoke! Kochi achoke!"

Bwana anatembenuka, anawayang'ana onse mmodzimmodzi, kenaka anatulutsa makiyi a lole m'thumba n'kuyamba kuwazunguza pa chala.

Phokoso linazima. Wina anawerengera mumtima mtunda wochokera ku Khombedza kukafika ku Senga Bay wapansi, dzuwa la ku Salima lili pamutu. Mkulu wa masapota anatsokomola pang'ono, anakonza kolala, n'kutembenukira kwa anzake.

"Abale, tisapupulume. Kochi watsopano amafunika kumupatsa nthawi."

"Nthawi yochuluka bwanji, akulu?"

"Mpaka tikatsike."