Moto wa Loweruka Umazimira kwa Ambuya

Kwa zaka zingapo mwambi uja woti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto unkaoneka ngati wapuma pa ntchito. M'makomboni a Lusaka mwana wa zaka zitatu akayamba kudzigwetsa pansi ndi kulira kosapumira, panalibe wothamangira kwa ambuya. Ankangomupatsa foni. Moto unkazima pompo, mwana ali duu, maso pa makatuni a Cocomelon, mpaka makolo ena anafika pokhulupirira kuti nzeru zolerera mwana zimagulidwa pa kantemba ka Airtel kapena MTN pamodzi ndi bandulo ya intaneti.

Kenaka mvula inakana. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, ndipo popeza magetsi ambiri a Zambia amapangidwa ndi madzi, kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kugawa mdima: maola 8 patsiku mu Marichi, ndipo pofika Seputembala madera ambiri ankatha maola 20 kapena kupitirira osaona kuwala. Mafoni anathima. TV inasanduka poyikapo maluwa apulasitiki. Ana a ku Matero, Chawama, George ndi Mtendere analira mpaka mawu kusasa, ndipo makolo awo anakumbukira mwadzidzidzi kuti nawonso ali ndi owabala.

Tengani ambuya ena a ku Kanyama, chakufupi ndi msewu wa Los Angeles, amene amagulitsa tomato, anyezi ndi chibwabwa pa kathebulo pakhomo. Mwana wawo wamkazi amakhala ku Matero ndipo amaluka tsitsi pa saluni ina m'tauni. Mkati mwa sabata kamnyamata kake kamapita ku sukulu ya mkaka, koma Loweruka sukuluyo ndi yotseka pamene saluni yadzaza, ndipo bambo wa mwanayo amakhala ali pa minibasi kuyambira mbandakucha. Choncho Loweruka lililonse moto umakwera mabasi awiri, kusinthira m'tauni, kukatulidwa kudambo.

Ndipo dambo lake ndi lenileni. Kanyama ali pamalo athyathyathya, pamwamba pa miyala ya laimu, madzi ali pafupi kwambiri ndi nthaka. Mvula ikagwa masiku awiri motsatizana, anthu amayenda modumphira pa miyala yoyala m'njira, nsapato zili m'manja, ndipo achikulire amakumbukirabe chigumula cha 1978. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa theka la miliyoni m'dera la phungu wa Kanyama. Tangoganizani kuchuluka kwa timoto tomwe timasiyidwa pa makomo a azigogo kumeneko dzuwa lisanakwere.

Mwambo wotula mwana sumasintha. Mayi amafika ndi chikwama chodzaza mpaka zipi kukana kutseka: zovala zosinthira katatu, yogati, juwisi, kagalimoto kopanda tayala limodzi, ndi malamulo.

"Amayi, zitumbuwa ayi, shuga ayi. Asasewere pa madzi. Ikakwana 12 koloko agone. Ndipo muzimulankhulako Chizungu, aphunzitsi ake akuti tisamamusokoneze."

Ambuya, amene analera ana 7 ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro, amagwedeza mutu mwaulemu wonse. "Ndamva, mwanawe. Pita, basi ingakusiye." Mayi akangokhota pa ngodya, chitumbuwa chili kale m'manja mwa mwana, ndipo ambuya ayamba chipongwe chawo cha masiku onse: "Amuna anga afika! Lero mwandibweretsera ya ndiwo, kapena mwabweranso chimanjamanja?"

Amunawo alibe nthawi ya macheza. Akufuna foni. Ambuya amapisa m'chikwama cha m'chiuno n'kutulutsa kafoni kawo ka mabatani, ka tochi kumutu, kamene batire yake imatha masiku anayi ngakhale magetsi atapita ku maliro. Mwana amakagwira, n'kuyamba kuseseretsa chala pagalasi, kumanja, kumanzere, m'mwamba. Palibe chikusuntha. Amayang'ana ambuya ndi nkhope ya dokotala wobweretsa uthenga woipa: "Ambuya, yafa." Apa ndiye moto umabuka. Kulira, kuponda pansi, kugubuduka pa fumbi, kusuzumira ndi diso limodzi ngati pali amene akuonera.

Palibe akuonera. Ambuya ali pa mpando wawo wa ndalema, lichero pa miyendo, akusadzula chibwabwa. Sakalipa, sanyengerera, salonjeza kanthu. Amangosankha phesi limodzi lonenepa la tsamba la dzungu, lija la mphako mkati, n'kulidula, n'kuling'amba pang'ono kumapeto ndi mpeni, n'kuliika kukamwa. Limalira pweee! Mwana amaima pakati pa kulira, kukamwa kuli yasaa. Kachiwiri, pweee! Pakutha pa mphindi ziwiri misozi yauma, ndipo amuna a ambuya akuzungulira bwalo lonse akuomba chitoliro chawo, ana a anansi ali pambuyo aliyense akufuna chake. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku akuyang'ana sikirini. Ambuya sanamvepo za malangizowo, koma mu Lusaka monse amene anakwanitsa kuwatsatira mokwanira ndi awiri okha: iwowo ndi chilala.

Wina atha kunena kuti mwambi wapambana, tiyeni tiziwombera m'manja. Dikirani, ikadali 8 koloko.

Chimene anthu akale sanatiuze n'chakuti moto wa zaka zitatu suzima kamodzi. Ukazima pa foni umayaka pa tomato. Ambuya amadzuka mdima ulipo kukapikula bokosi ku msika wa Soweto, n'kudzasanja milu yokongola pa kathebulo, atatu pansi mmodzi pamwamba. Mwana amaona kuti kasanjidweko kali ndi vuto, ndipo amakakonza. Tomato wina amagubuduzikira mu ngalande, wina amalawidwa mano awiri n'kubwezedwa pa mulu, mbali yolumidwa itayang'ana pansi. Kasitomala akagula mulu umodzi, wothandiza wa ambuya, amene anaphunzira mawu oti "mbasela" sabata yatha, amamuwonjezera milu iwiri. Makasitomala a Loweruka achuluka pa kathebulo kameneka, ndipo phindu silikuoneka.

Ukazima pa tomato umayaka pa nkhuku ya anansi, imene tsopano imabisala pansi pa mabuloko ikangomva mawu ake. Ukazima pa nkhuku umayaka pa mbaula. Ukazima pa mbaula, patapata mmodzi wasowa.

Pali malo amodzi okha pamene ambuya saseka, ndipo mwana amadziwa kusiyana kwa mawu awo: pa madzi. Kolera amene anayamba mu Okutobala 2023 anapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, ndipo Kanyama anali m'gulu la madera amene anavutika kwambiri. Odwala anagonekedwa mu bwalo la mpira la National Heroes, ndipo sukulu zomwe zinkayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Kuchokera nthawi imeneyo chigubu cha madzi akumwa kwa ambuya chimakhala chothira kolorini ndi chovindikira, ndipo kamwana kakangolozetsa phazi ku chithaphwi, dzina lake lonse limatchulidwa, la Chizungu ndi la kumudzi lomwe. Pa malamulo onse a m'mawa uja, ili lokha ndi limene ambuya amasunga kuposa mwini wake.

Masana ndi nthawi ya chozizwitsa. Kwawo ku Matero mwanayu amadziwika kuti sadya. Amafuna tchipisi ndi soseji, ndipo nsima amaiyang'ana ngati yamulakwira. Kwa ambuya mphasa imayalidwa pansi pa mthunzi, mbale ya nsima pakati, kapenta ndi chibwabwa chotendera pambali, ndipo ana atatu a anansi amakhala mozungulira, manja atasambitsidwa ndi sopo. Palibe womunyengerera. Amangoona mtanda ukuchepa, n'kuzindikira yekha kuti pano wochedwa amanyambita mbale. Madzulo mayi ake akamva kuti wadya mitanda iwiri amaseka, poganiza kuti amayi awo akukalamba ndipo ayamba kusokoneza ana.

Tulo ta 12 koloko timabwera 2 koloko, ndipo sitibwera pa bedi. Mwana amafuna kumbuyo. Ambuya amawerama, n'kumukoka ndi chitenje, n'kumanga pachifuwa, mawondo akulira. Munthu wa zaka zitatu salemera ngati khanda, miyendo yake imafika m'ntchafu, koma amayenda naye uku ndi uku akumuuza za kalulu. Kale ankaletsa nthano masana, koma lamulo limenelo linapangidwa pamene mdima unkabwera pa nthawi yake. Vuto lokha n'lakuti womverayu anazolowera YouTube. Nthano ikafika pamene njovu yapusitsidwa amalamula kuti, "Bwezani!" ndipo ambuya amabweza, kasanu, mawu ake omwewo, chifukwa akasintha liwu limodzi amadzudzulidwa.

Mayi ananena kuti abwera 5 koloko. Amafika 8 koloko usiku, ali ndi nkhani ya magalimoto othithikana pa msewu wa Lumumba, buledi ndi paketi ya shuga. Funso lake ndi lomwelo sabata iliyonse: "Sanavute, amayi?" Yankho nalonso ndi lomwelo, bodza lalikulu kwambiri lomwe limanenedwa mu Lusaka Loweruka lililonse: "Ayi, uyu ndi mwana wabwino."

Tsopano tiyeni tiwerengetse, popeza ana a masiku ano amakonda manambala. Mu Januwale 2024 malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba ku Zambia anali K1,300 pamwezi. Ambuya amagwira maola 14 n'kulandira shuga, amene theka lake adzamwa mwana yemweyo Loweruka likubwerali. Lamulo la ntchito la 2019 limapatsa mayi woyembekezera masabata 14 a tchuthi, ndipo mkazi aliyense wolembedwa ntchito ali ndi tsiku limodzi pamwezi lopuma popanda kufotokoza chifukwa, lija amalitcha Mother's Day. Ambuya alibe bwana woti akamupemphe tsiku lotere. Loweruka ndi tsiku la makichini pate, kumene iwo monga alangizi akanakhala pa mpando wapatsogolo, ndi tsikunso la msonkhano wa gulu losonkherana ndalama la chilimba ndi la malonda abwino. Zonsezo zimapsa mwakachetechete.

Ana ena ochenjera amadziteteza ndi sayansi. Zaka zingapo zapitazo ofufuza anasanthula moyo wa okalamba oposa 500 a mumzinda wa Berlin ku Germany, n'kupeza kuti agogo amene ankathandiza kulera adzukulu ankakhala ndi moyo wautali kuposa amene sankatero. Nkhani yotere imayenda msanga pa WhatsApp, ndipo imamveka ngati wosiya mwana ndiye akuchitira ambuya chifundo. Chomwe sichitumizidwa ndi mbali yotsatira: kafukufukuyo ankanena za agogo olera mwa apo ndi apo, osati osenza udindo wonse, ndipo agogo a ku Berlin sapita ku Soweto 4 koloko m'mawa.

Nanga n'chifukwa chiyani ambuya amanama kuti mwana sanavute? Amene anakhala m'makomboni m'zaka za m'ma 1990 safunsa funso limeneli. Nthawi imeneyo Edzi inkatenga ana a anthu pa msinkhu weniweni wobereka ndi kugwira ntchito, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere m'zipatala za boma chapakati pa zaka za m'ma 2000. Amayi a msinkhu wa ambuyawa anaika m'manda ana awo ndi abale awo ku Chingwere ndi ku Leopards Hill, n'kubwerera kunyumba ndi adzukulu anayi, asanu, opanda chikwama cha zosinthira, opanda wowatenga madzulo. Ku George, ku Chawama, ku Kalingalinga, kuli aphunzitsi, anamwino ndi madalaivala lero amene analeredwa pa kathebulo ka tomato ngati komweka. Kwa munthu amene anaona zimenezo, mdzukulu wobwera m'mawa n'kutengedwa usiku ndi mayi wake wamoyo, wonenepa, wodandaula za magalimoto, si mtolo ayi. N'chifukwa chake amaima pakhomo ndi tochi ya kafoni kaja kuwaunikira njira mpaka atakhota.

Mwambi uja ndi woona ndithu, kungoti unapekedwa ndi anthu okhala kumtunda, amene ankaona moto ukuzima n'kupita kukagona. Palibe anatsikira kudambo kukafunsa kuti udzu wapsa wochuluka bwanji. Ndipo chaka cha 2024 chatiphunzitsa kuti ngakhale Kariba, ndi ukulu wake wonse, amaphwa anthu akamangotunga mvula osabwezera.

Ndiye inu a ku Matero, a ku Mtendere ndi kwina konse amene mumakweza moto wanu basi Loweruka m'mawa: mukati 5 koloko, ikhale 5 koloko. Shuga musiye, bwerani ndi thumba la makala ndi mafuta opaka m'mawondo. Tomato wolumidwa uja mulipire pa mtengo wake. Ndipo kamodzi pamwezi pezani pena posiya mwana, muwatumizire ambuya ya basi, apite ku kichini pate akavine.