Nyenyezi Zisanu, Mameseji 60

M'maofesi ambiri a mu Lusaka muli wantchito mmodzi amene salandira malipiro, sapempha ya basi, ndipo sanaikepo maliro a amalume omwewo katatu m'chaka chimodzi. Dzina lake ndi cron. Amakhala mu seva, kompyuta ija imalira yokha m'kachipinda kozizira kamene ngakhale abwana alibe kiyi wake. Mphindi iliyonse amasuzumira pa ndandanda yotchedwa crontab kuti aone ngati pali chimene anamulembera. Chikakhalapo amachita, chikasowa amabwerera kukagona masekondi 60.

Ndi nkhalamba ndithu. Anabadwira ku Bell Labs ku America m'zaka za m'ma 1970, m'banja la Unix, ndipo cron amene ali pa makina ambiri a Linux lero ndi mdzukulu wa uja analemba Paul Vixie mu 1987. Pamene ZAMNET inkalumikiza Zambia ku intaneti mu 1994, kuchokera ku yunivesite ya UNZA, iye anali atamera kale imvi.

Kumutuma n'kosavuta. Pa mzere umodzi mumalemba mphindi, ola, tsiku la mwezi, mwezi ndi tsiku la sabata, kenako ntchitoyo. Pamene simukufuna kutchula nambala mumaika kanyenyezi, kutanthauza kuti iliyonse. Maola amawerenga kuyambira 0 mpaka 23, zimene kuno sizitivuta, pakuti ngakhale agogo a tomato pa msika wa Soweto amakuuza kuti ubwere "fifitini awazi". Abale athu a ku Malawi, a 3 koloko masana aja, ndiwo amayamba awerenga zala.

Vuto lake ndi limodzi: amamva zimene mwalemba, za mumtima mwanu alibe nazo ntchito.

* * * * *

Mdala wina wa nyumba za lendi ku Kabwata anatopa ndi kugogoda m'makomo. Anaitana mphwake wodziwa za makompyuta kuti amukonzere zoti pa 1 mwezi uliwonse, 8 koloko m'mawa, meseji yokumbutsa lendi izipita yokha. Mnyamatayo anayenera kulemba 0 8 1 * *. Analemba * 8 1 * *. Kanyenyezi kamodzi pamalo pa ziro, ndiye kuti mphindi iliyonse kuyambira 08:00 mpaka 08:59. Mameseji 60 kwa munthu aliyense.

Pofika meseji ya 14, mayi wina amene anali ndi ngongole ya miyezi iwiri anali atatumiza kale ndalama pa foni. Pa ya 30, bambo wa nyumba ya kumapeto anabwera yekha atavala matawulo, ndalama zili m'manja.

Madzulo mnyamata anafika thukuta lili kamukamu. "Amalume, pepani, ndalakwitsa. Ndikonza pompano."

"Ukonze chiyani?" anatero mdala akuwerenga ndalama. "Iwe, kodi singathe kuyamba 6 koloko?"

* * * * *

Mpingo wina ku Woodlands unabwereka seva ya kunja, ya mtengo wotsika. Wotchi ya makina oterewa nthawi zambiri imayendera UTC, imene ili m'mbuyo mwa nthawi yathu ndi maola awiri. Mlembi wa mpingo anatuma cron kuti azidzutsa akhristu ku mapemphero a m'bandakucha 5 koloko. Meseji inkafika 7 koloko, ena ali kale pa mzere wa magalimoto mu Independence Avenue. Kwa mwezi wathunthu anthu anayamikira abusa kuti ndi munthu womvetsa.

Abusa atatulukira, anauza anthu awiri kuti akonze, aliyense payekha. Mlembi anasintha 5 kukhala 3. Mkulu wa achinyamata, osadziwa, anasintha wotchi ya seva kuti iziyendera Africa/Lusaka. Onse awiri anakhoza. M'mawa mwake mafoni a mpingo wonse analira 3 koloko usiku.

Amayi ena a chigwirizano anayankha: "Abusa, ola limeneli si la mapemphero. Mutiuze bwino kuti mpingo wathu walowa chiyani."

* * * * *

Chaka cha 2024 sitidzachiiwala. Chilala chinachepetsa madzi m'damu la magetsi la Kariba, ndipo pofika Seputembala magetsi ankazima maola 17 kapena kuposa pa tsiku. Kakampani kena ku Chelstone kanali ndi lamulo labwino loti mafayilo onse azikoperedwa 2 koloko usiku, pamene palibe amene akugwiritsa ntchito makina. Zoonadi panalibe amene ankagwiritsa ntchito makina, ngakhale cron amene.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti cron sabweza ngongole. Ola lake likadutsa makina ali ozima, ntchitoyo yapita, tidzaonana mawa. Wobweza ngongole ndi mng'ono wake anacron, amene amawerenga masiku, ndipo makina akangoyaka amagwira zimene zinatsalira. Koma ku Chelstone kuja dzina limeneli anali asanalimve.

Tsiku lina diski inafa. Abwana anaitana mnyamata wa makompyuta.

"Backup yathu ili kuti?"

"Ba boss, ili mu Kariba."

* * * * *

Amene anaika e ndi r moyandikana pa kiyibodi sanaganizire ana a anzake. Mukalemba crontab -e mumatsegula ndandanda yanu kuti musinthe. Chala chikaterereka pang'ono n'kulemba crontab -r, ndandanda yonse yafufutika. Safunsa n'komwe kuti kodi mwatsimikiza, pokhapokha mutawonjezera -i.

Mtsikana wina wophunzira ntchito ku bungwe lina ku Kabulonga anaterereka chala Lachisanu madzulo. Kompyuta sinanene kanthu. Anapita kwa mkulu wake.

"Ba sir, crontab ikakhala chete ndiye kuti zayenda bwino?"

"Eya, pa Linux kukhala chete ndiye kuti zatheka."

"Ndiye zatheka kwambiri."

Mkuluyo anatha Loweruka lonse akukumbukira mizere imene analemba zaka zisanu zapitazo. Masiku ano, asanamwe tiyi, amalemba crontab -l n'kusunga zotuluka m'fayilo ina. Ena amati amasindikizanso pa pepala n'kuika m'Baibulo.

* * * * *

Sikuti aliyense amaloledwa kutuma cron. Woyang'anira seva akapanga fayilo ya /etc/cron.allow, amene mayina awo mulibe amabwezedwa pakhomo. Amayi a maakaunti pa ofesi ina mu Cairo Road atabwezedwa, anatsika masitepe okha mpaka ku kachipinda kozizira kaja.

"Mwana iwe, ndinayamba ntchito pano iwe ukuyamwa. Lero kompyuta ikundiuza kuti sindine wololedwa?"

"Amayi, ndi fayilo chabe, ndilembamo dzina lanu."

"Ulembe pamwamba."

Pa ofesi yomweyo panali mdala wina amene kwa zaka zambiri malipoti ankatuluka okha m'manja mwake. Mwezi uliwonse, tsiku la 10 lisanafike, mapepala a msonkho wa PAYE ndi a penshoni ya NAPSA ankapezeka ali okonzeka. Atapuma ntchito anamugulira keke, ndipo woyang'anira seva, munthu waukhondo, anafufuta akaunti yake pamodzi ndi zonse za m'menemo. Anaiwala kuti munthu aliyense ali ndi crontab yakeyake, ndipo ntchito zake zimayenda m'dzina lake. Mwezi wotsatira, zii. Malipoti osatuluka.

Mphekesera inayenda m'makonde monse kuti mdala uja anachoka ndi mankhwala ake. Wina anati anamuona akukumba pansi pa desiki tsiku lomaliza. Anatumiza nthumwi kunyumba kwake ndi nkhuku. Mdala analandira nkhuku, anaiyeza kulemera m'manja, kenako anati, "Mizere inali itatu. Bweretsani pepala."

* * * * *

Mawu amene anyamata a makompyuta amakonda kwambiri ndi akuti "koma ndikaiyendetsa ndekha imagwira". Inde imagwira, chifukwa iwe ukalowa m'makina amakudziwa, amakupatsa njira zonse zofikira mapulogalamu ako. Cron amangodziwa tinjira tiwiri, /usr/bin ndi /bin. China chilichonse umulembere adiresi yonse kuyambira ku mizu. Ndipo chizindikiro cha % amachiona ngati kutha kwa mzere, choncho lamulo lako limaduka pakati iwe uli mtulo.

Anzeru amayamba ayesa. Amalemba nyenyezi zisanu, kenako date >> /tmp/mayeso.txt, n'kudikira mphindi ziwiri. Mizere iwiri ikaoneka, cron ali moyo. Kenako amafufuta mzere woyeserawo. Mnyamata wina wa ku Kabwata anachita zonse kupatula chomalizachi, ndipo fayilo yake inkakula mizere 1,440 pa tsiku. Ataipeza, anaionetsa abwana monga umboni woti dipatimenti yake sigona.

Palinso buku la zochitika, /var/log/syslog pa Ubuntu kapena /var/log/cron pa makina a mtundu wa Red Hat. Koma musalikhulupirire mopitirira. Nthawi zambiri limangonena kuti ntchito inayambika. Zoti inatha bwino, kayang'aneni nokha.

"Ba boss, onani, buku likuti inayamba 02:00."

"Ndipo inatha?"

"Likuti inayamba."

"Ngati iwe."

* * * * *

Abwana ena a shopu ya zitsulo m'tauni anamva kuti makina angathe kumatumiza okha malipiro. Anasankha tsiku la 31. Mnyamata anawachenjeza kuti pa chaka pali miyezi isanu ndi iwiri yokha imene ili ndi tsiku limenelo, ndipo miyezi isanu yotsalayo cron adzangokhala chete.

Abwana anakhala kaye phee, akuyang'ana kudenga.

"Nanga tsiku limene kulibiretu, amalola?"

"Amalola, ba boss. Amangodikira."

"Chabwino. Malipiro ubweze pa 28, ndine munthu woopa Mulungu. Koma bonasi uyiike pa 30 Febuluwale."