Kwathu ku Bangwe ndi Malilongwe anayi

Lachisanu lapitali ndinasiyana ndi alamu anga pa Chichiri, pafupi ndi Kamuzu Stadium. Iwo anakwera galimoto ya kuntchito kwawo kupita ku Chileka kukagwira ndege ya ku Lilongwe. Ine ndinatsala pa siteji kudikira minibasi ya ku Limbe. Mafuta anali atasowanso, ndiye kondakitala aliyense amatchula mtengo akuyang'ana kumwamba, ngati akuuwerenga m'mitambo.

Foni inalira ndili mu depoti ya Limbe, thumba la mbatata la mayi ena lili pamwendo panga, minibasi ya ku Bangwe ikudikirabe "awiri omaliza".

"Alamu, ife tatera bwino ku Lumbadzi. Kunyumba mwawapeza bwanji?"

Ndinati onse ali bwino. Munthu wamkulu ngati ine sindingaulule kuti amene wapita ku chigawo china wafika kale, ine wa mumzinda momwemo ndikadali kununkhiza mbatata za eni.

Alamuwo akuti m'mwambamo anakhalamo mphindi 40 zokha, tiyi asanazizire n'komwe. Mtunda womwewo pa basi ya pa Wenela ndi makilomita oposa 300, kudutsa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza, maola anayi kapena asanu ngati matayala ali ndi ulemu. Chimvereni zimenezi wotchi ndinaisiya. Tsopano nthawi ndimaiyeza m'Malilongwe. Lilongwe mmodzi ndi mphindi 40.

Kudzaza minibasi pa Limbe ndi Lilongwe mmodzi ndi theka. Mzere wa ku banki mwezi ukatha ndi Malilongwe atatu, ndipo ukafika kutsogolo amakuuza kuti netiweki yathawa, bwererani ku Chileka. Abusa athu akati "pomaliza, abale", dziwani kuti kwatsala Lilongwe wathunthu, kupita ndi kubwera. Mnansi wanga wa kabaza anagona pa mzere wa petulo usiku wonse ndi chigubu chake, ndipo nditamuwerengera ndinapeza kuti wapita ku Johannesburg kanayi, popanda pasipoti, osabweretsa ngakhale bulangete.

Mayi a kunyumba nawo ndinawayeza. Nditaiwala kugula malasha sanandilankhule Malilongwe 36. Nditawauza chiwerengerocho anawonjezera ena khumi.

Koma chimene chimandiwawa si nsanje ya tiyi wa m'ndege ayi. Amene amasainira ndalama za misewu ndi za mafuta ambiri mwa iwo msewu wa M1 amauona kuchokera pa zenera, ndipo kuchokera kumwambako dzenje silioneka. Mayi amene wanyamula mwana wodwala kuchoka ku Ntcheu kupita ku Queens saonekanso. Bwana aliyense atati azipita ku msonkhano wa ku Capital Hill pa basi, kamodzi kokha pa mwezi, atakhala pampando wa pamwamba pa tayala, phula bwenzi litapezeka chaka chino.

Kunyumba ndinafika mdima utagwa, Malilongwe anayi chichokereni pa Chichiri. Ana anathamangira kudzandilandira chikwama, ndipo ndinawauza kuti ayende pang'onopang'ono ndi bambo awo, chifukwa ndatopa ndi maulendo a pandege. Wamng'onoyo ananunkhiza malaya anga n'kufunsa ngati m'ndege amaloleza mbatata.