Seva yathu ikufuna mitala

Masiku ano kotesheni ya madisiki ndimaiwerenga nditakhala pansi, kuopa kugwa. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ogulitsa yankho lawo n'limodzi: "Ndi dola, bwana." Pomwepo abwana athu akufuna seva ya database yosafa, pa ndalama yogulira flash. Wochita chozizwitsacho ndine, munthu amene pa ofesi amandikumbukira printa ikameza pepala.

Ndinawauza mosabisa: "Bwana, seva imafuna mitala." Disiki imodzi ndi banja la mkazi mmodzi. Tsiku limene wamanga katundu, wapita ndi zonse, malipiro a antchito ndi mayina a angongole omwe.

Mitala ya madisikiyi, imene timaitcha RAID, ili m'mitundu. RAID 0 ndi akazi awiri, aliyense umamuuza theka la nkhani. Zimathamanga ndithu, koma mmodzi akachoka, theka la mnzakeyo silikuthandizanso kanthu. RAID 1 ndi ija yoti chitenje chimene wagulira wamkulu, wamng'ononso umugulire chomwecho. Walipira ma terabyte 8, ukugwiritsa ntchito 4. Apa abwana anapempha madzi akumwa.

Iwo mtima unagwa pa RAID 5, poti pa madisiki atatu umangotaya malo a imodzi. Koma banja limeneli ndi la misonkhano. Kanthu kakang'ono kuti kalembedwe, pamafunika kuwerenga kawiri ndi kulemba kawiri, chonsecho database imalemba tinthu ting'onoting'ono tsiku lonse. Mmodzi akachoka, otsalawo amachezera usiku kufotokozera wobwera kumene mbiri yonse ya pakhomo. Ndiye wachiwiri, amene anachokera fakitale imodzi ndi wothawayo ndipo wagwira ntchito maola ofanana, amasankha usiku womwewo kuti nayenso watopa. Banja latha, ankhoswe kulibe.

Ine ndinaima pa RAID 10: akazi anayi, awiriawiri, aliyense ndi mnzake womusungira mawu. Akhalenso ma SSD opangidwira seva, okhala ndi ma capacitor omalizitsa kulemba magetsi akathima, osati a m'laputopu amene amayankha kuti "ndasunga" asanasunge. Ndinalankhula ngati katswiri wa mitala, ine amene kwathu ndili ndi mmodzi yekha, ndipo ya ndiwo ndimamusiyira m'magawo awiri.

Koma apa ndiye sindikuseka. M'sevamo muli penshoni ya mlonda ndi ngongole ya mayi wogulitsa tomato. Bwana amene sanenerera mtengo wa matayala a galimoto yake, koma amalira pa disiki yachinayi, akutchova juga ndi thukuta la anthu ena.

Ndipo mitala si backup. Wina akafufuta tebulo la mu database mwangozi, akazi onse anayi amaiwala nthawi imodzi, mogwirizana kwambiri. Sungani kope lina kunja kwa ofesi, ndipo mwezi uliwonse muziyesa ngati likutseguka.