Mapanga Awiri Pansi pa Boneti Imodzi

Kuyambira 2024, ena mwa ma Hilux opangidwa ku Durban akumatuluka ndi kabatire ka mavoliti 48 pansi pa mpando wakumbuyo. Hilux imeneyi, galimoto ya mabungwe ndi mabwana a ku esiteti, yokwera Chiweta itasenza feteleza osatsokomola, lero ikuti nayonso ndi hybrid. Agogo athu akanamva akanagwira pakamwa, poti iwo anatiuza mosapsatira kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo palibe anawatsutsa.

Kunena zoona, mwambiwu unayamba kunyozeka kalekale, pamene tima Aqua ndi tima Fit tochokera ku Japan tinadzaza misewu ya Lilongwe ndi Blantyre. Timagalimototi tili ndi mapanga awiri enieni, injini ya petulo ndi mota yamagetsi, koma mafuta akasowa mwini wake amangoonekera pamzere mwa apo ndi apo, inu a phanga limodzi mukugona pomwepo ndi bulangeti. Chinsinsi chake n'chosavuta. Mukaponda buleki, mota ija imasanduka jenereta, mphamvu imene ikanangothera kutenthetsa mabuleki n'kulowa m'batire. Pa maloboti injini imazima. Ponyamuka, pamene injini imamwa kwambiri, magetsi ndiwo amakankha. Munthu wa m'mwambi uja ananyowa chifukwa ankathamanga uku ndi uku akusinkhasinkha. Muno wosankha phanga ndi kompyuta, ndipo kompyuta siima pamvula n'kumakanda m'mutu.

Koma musanathamangire kukafufuta mwambiwu m'mabuku a ana asukulu, tamvani za Chevrolet Tahoe Hybrid.

Toyota itatulutsa Prius mu 1997, makampani a ku America ankaiyang'ana ngati chidole. Patapita zaka, mafuta atayamba kuluma m'thumba, General Motors inagwirizana ndi DaimlerChrysler ndi BMW kuti apange hybrid yoyenera zimagalimoto zikuluzikulu. Chipatso chake chinali Tahoe Hybrid ya 2008: chigalimoto chonyamula anthu 8, mota ziwiri zamagetsi zobisika m'giyabokosi, batire ya mavoliti 300 pansi pa mpando wapakati. Pa liwiro lotsika chinkatha kuyenda ndi magetsi okha, chili zii, nyumba yathunthu ikukwawa osamveka. Pamsewu woyalika chinkazimitsa masilinda 4 mwa 8. Kulemera kwa batire anakubweza pochiveka boneti ndi chitseko chakumbuyo za aluminiyamu.

Tsono injini yake. Tahoe wamba ambiri anali ndi injini ya malita 5.3. Imene anaika m'galimoto yosunga mafutayi inali ya malita 6.0. Zinali ngati bambo amene wauzidwa kuti achepetse thupi, iye n'kusiya shuga mu tiyi koma n'kuwonjezera mtanda wa nsima. Ndipo pofuna kuti aliyense adziwe za shugayo, m'mbali mwa galimoto analembamo HYBRID ndi zilembo zoti muwerenge muli tsidya lina la msewu. Chigalimoto chimenechi chinapatsidwa mphoto ya Green Car of the Year ya 2008. Anthu anaseka, ndipo n'zosadabwitsa.

Ine sindiseka nawo mpaka kumapeto, chifukwa masamu ali kumbali ya chigalimotocho. Malinga ndi muyeso wa boma la America, Tahoe wamba m'tauni inkayenda mamailosi 14 pa galoni, pamene hybrid inkayenda 21, chimodzimodzi ndi Toyota Camry ya masilinda 4 ya chaka chomwecho. M'kawerengedwe kathu, ndiye kuti kuchoka pa makilomita pafupifupi 6 pa lita kufika pa 9. Zikumveka zochepa, eti? Tengani cholembera. Pa makilomita 100, galimoto ya 6 pa lita imamwa malita pafupifupi 17, ya 9 pa lita imamwa 11. Mwapulumutsa malita oyandikira 6. Tsopano tengani kagalimoto koyenda makilomita 15 pa lita, mukakonze mpaka kaziyenda 25. Pakamwa zikukoma kutchula, koma pa ulendo womwewo mwapulumutsa malita osakwana 3. Akatswiri awiri, Richard Larrick ndi Jack Soll, analemba za chinyengo cha manambala chimenechi m'magazini ya Science mu 2008. Wofuna kuti dziko lichepetse mafuta ayambe ndi chidakwa, chifukwa womwa kapu imodzi alibe chambiri choti asiye.

Nanga chinavuta n'chiyani? Wogula. Mtengo unkayambira pamwamba pa madola 50,000, pamene Tahoe wamba munkaipeza pansi pa 40,000. Pamsewu waukulu, kumene mabuleki sapondedwa pafupipafupi, phindu linkachepa: mamailosi 22 pa galoni, inzake 20. Koma chachikulu n'chakuti galimotoyi inalibe mwini. Munthu wokonda chilengedwe ankaona chinyumba cha matayala n'kupita kukagula Prius. Munthu wokonda chigalimoto, amene amafuna kuti injini ikalira agalu a m'dera lonse adzuke, sankafuna kuyendayenda ndi chikwangwani chonena kuti akuumira mafuta. Mu Julaye 2008 petulo ku America anali pamwamba pa madola 4 pa galoni, pofika Disembala anali pansi pa madola 2, ndipo aliyense anaiwala chimene ankalirira. Abale ake a Tahoe, Chrysler Aspen Hybrid ndi Dodge Durango Hybrid, anangopangidwa miyezi yowerengeka, fakitale ya ku Newark ku Delaware n'kutsekedwa chaka chomwecho chisanathe. Tahoe Hybrid inakakamira mpaka 2013, kenako anaiika m'manda mwakachetechete. Makina ankadziwa bwino nthawi yolowa phanga ili ndi nthawi yolowa linalo. Imene inanyowa ndi kampani, itaima pakati pa ogula awiri, aliyense akuloza mnzake. Apa ndiye agogo akuseka chikhakhali.

Palinso mtundu wina wa phanga umene makolo sanauganizire, lojambula pakhoma. Awa ndi magalimoto achionetsero, amene amazungulira pa nsanja magetsi akuwalira, atolankhani akujambula, kenako osaonekanso. M'chaka cha 2000, General Motors inaonetsa Precept, Ford inaonetsa Prodigy, Dodge inaonetsa ESX3, onse ma hybrid a dizilo, pansi pa ndondomeko ya boma la America yofuna mamailosi 80 pa galoni. Palibe ndi imodzi yomwe imene inafika kwa wogulitsa. Volkswagen inayesako kusunga lonjezo. Mu 2002 mkulu wa kampaniyo, Ferdinand Piëch, anayendetsa yekha kagalimoto ka lita imodzi pa makilomita 100 kuchoka ku Wolfsburg kupita ku Hamburg, ndipo patatha zaka zoposa 10 kunabadwa XL1, ya anthu awiri, yomwa malita 0.9 pa makilomita 100. Anapanga 250 zokha, iliyonse pamtengo woposa mayuro 100,000. Munthu wokhala ndi ndalama zimenezo mtengo wa dizilo saudziwa n'komwe.

Amene anaupeza mtima wa wogula ndi a Ford, ndipo mwina nawonso anadabwa mmene zinayendera. F-150 PowerBoost ya 2021 ndi hybrid, inde, ya injini ya malita 3.5 ndi batire yaing'ono, koma kumbuyo konyamulira katundu anaikako masoketi otha kupereka mpaka makilowati 7.2. Cholinga chinali amisiri, kuti azilumikiza macheka ndi makina owotcherera zitsulo kumalo a ntchito. Mu Febuluwale 2021 chisanu choopsa chinagwa ku Texas, magetsi n'kuzimira anthu mamiliyoni. Eni ake a magalimotowa anakoka mawaya kuchoka pabwalo kulowetsa m'nyumba, n'kuyatsa firiji, mababu ndi zotenthetsera m'chipinda, ndipo Ford inapempha ogulitsa ake kumeneko kuti abwereketse anthu magalimoto amene anali nawo. Ife odziwa kudya mgonero ndi tochi ya foni sitifunika kutifotokozera kukoma kwake. Hybrid imene inkachititsa manyazi itavala zilembo zikuluzikulu inasanduka chonyadira tsiku limene inasunga nyama m'firiji.

Ndipo taonani mmene inkagwirira ntchitoyo. Batire ikachepa injini inkalira yokha, ikadzaza n'kuzima, usiku wonse, galimoto ili chiimire pakhomo. Pa muyeso uja wa boma, amenewo ndi makilomita 0 pa lita, kuposa ngakhale Tahoe wamba pa kumwa, ndipo sindikhulupirira kuti alipo anatenga cholembera kuti awerengere.