Kunyanja ndi madzi a m'botolo

Anthu a ku Lilongwe ndi ochenjera kwabasi. Akachita lendi nyumba ya m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay, amanyamula zonse: madzi a m'mabotolo, makala, ngakhale chambo cha mufiriji, kuopa kuti mwina ku Salima nsomba sazidziwa. Akangofika, mlonda amakhoma geti, mpanda n'kuwateteza kwa asodzi amene akuyanika usipa kuseriko. Kenako banja lonse limadumphira m'damu losambiramo, nyanja ili poteropo ikungoonerera.

Ine sindikudandaula ayi. Paja boma nalo lili kalikiliki kuyala mapaipi otengera madzi a nyanjayi kupita ku Lilongwe. Madziwo akadzafika, tidzawathira m'mabotolo n'kupita nawo ku Salima kutchuthi.