Belu Losadziwa Bwana Watsopano

Kwathu mlendo akafika pakhomo amati "Odi!", wam'nyumba n'kuyankha, basi yatha. Ku Britain ndi ku America kunabwera mabelu a pachitseko okhala ndi kamera, monga a Ring, kampani imene Amazon inagula mu 2018. Munthu akangoponda pakhonde, foni ya mwini nyumba imalira, ndipo amamuona n'kulankhula naye ngakhale ali kuntchito.

Zimavuta nyumba ikasintha eni. Makiyi mwalandira, mapepala mwasaina, mphika uli pamoto, koma belu likadali la bwana wakale ngati galu wosiyidwa pamsamuko. Limamangidwa ku akaunti ya amene analilembetsa, ndipo mpaka iyeyo atalichotsa mu pulogalamu ya pafoni yake, inu simungalilembetse mosavuta m'dzina lanu. Dinani kabatani kake mpaka chala chitupe: liiwala Wi-Fi, mwini wake ayi. Cholinga n'choti wakuba asapindule nalo, ndipo pamenepo sindikutsutsa. Koma ngati intaneti ya panyumbapo sinasinthe, wosamuka uja atha kuona apongozi anu akutsitsa zikwama pakhomo inu mukusamba, osadziwa kanthu.

Msuweni wanga wa ku Leeds anatha milungu iwiri akusakasaka mwini wakale, amene anasamuka osasiya ndi nambala yomwe. Atatopa, anamata selotepi pa diso la kameralo, n'kupachika kapepala pansi pake: "Gogodani mwamphamvu."